Sikuluwu Yachisanu ndi Chimodzi

Magetsi ku Mufakose amabwera leveni koloko usiku,
choncho masana ndimagwira ntchito zosafuna moto.
Lero ndi thabwa ndi chitsulo basi.

Ampulifaya ya atate yagona chagada patebulo.
Mababu ake anayi ndawazula, ndawakulunga m'masokosi
ngati mazira okwera basi ya kutali.
Thabwa lakale chiswe chinadya, n'kusiya vanishi yokha.
Latsopanoli ndi la mlombwa, kuno amati mukwa,
ndinalicheka ku chitseko cha sitolo yogumulidwa ku Mbare.

Lachiwiri ndinachita phuma.
Osaboola kaye, ndinangoti sikuluwu lowa,
thabwa n'kuyankha kuti thee!
mng'alu kuchoka pangodya mpaka pamfundo.
Ndinakhala pansi, ndinatukwana m'zilankhulo ziwiri.

Tapfumaneyi wa ku Siyaso,
uja amayala zitsulo zakufa pachiguduli,
anaseka mpaka kutsamwa.
Sisi, akutero, mtengo ngakhale audule sufa:
mvula ya Disembala ikafika umatupa,
Okutobala akawotcha umabwerera.
Chitsulo nacho chimadziwongola mababu akatentha.
Ukazipana ngati akaidi, china chithyoka.

Ndiye lero pensulo kaye.
Timadontho tisanu ndi kamodzi,
chiboolero chamanja chocheperako kuposa sikuluwu,
utuchi wofiira ngati dothi la ku Thyolo
limene ndimangolimva m'nkhani.
Mabowo a m'chitsulo ndawakuza ndi tupa
kuti pakhale posunthira.
Pakati ndaikapo timphira ta chubu cha njinga
kuti thiransifoma ikayamba kung'ung'udza
thabwa lisamavomere.
Mano a masikuluwu ndawapaka sopo wochapira.

Kumanga kwake n'kodumphadumpha:
ngodya iyi, kenako ya kutsidya, n'kubwereranso,
osamaliza imodzi inzake isanagwire.
Dzanja likamva kuti yaluma, leka.
Bambo Likisho ankandimenya kachala pamenepa:
kupotokola kotsiriza kuja n'kwa mtima wako,
thabwa silinakupemphe.

Zisanu zalowa.
Yachisanu ndi chimodzi palibe.
Ndasesa pansi, ndakutumula siketi,
mphaka ndamuyang'ana ngati mboni yogulidwa.
Kenako ndakumbukira sutikesi ya kunsi kwa bedi
imene inawoloka Zambezi pa Tete
itanyamula malaya awiri ndi adiresi ya msuweni.
Pachotsekera chake pali kasikuluwu ka mkuwa, mutu wodyeka.
Ndakamasula.
Sutikesi sinadandaule, maulendo inaleka kalekale.

Kalowa bwinobwino, koma kakuoneka:
zinzake zotuwa, iko kachikasu.
Pachitupa cha atate panali chilembo cha alendo,
zaka makumi asanu akuwotcherera mawaya a mzinda uno,
maukwati a ku Kambuzuma akuvina ndi mawu a bokosi ili.
Anamangidwa kuno, inde,
koma bowo lawo linali lokulirapo.
Akamva kuti kumudzi mvula yagwa
ankasuntha pang'ono pampando,
amayi n'kuwathirira tiyi osafunsa kanthu.

Ndanyamula ndi manja awiri, ndagwedeza pafupi ndi khutu.
Palibe cholira.
Waya wobiriwira ndaumanga pachitsulo penipeni
chifukwa magetsi osochera sadziwa njira ya m'thabwa,
amadziwa ya m'dzanja la munthu.
Mababu abwerera m'zisa zawo, lililonse pamalo pake.

Tsopano kudikira.
Makombi atha mumsewu, agalu alandizana nkhani,
kandulo yafika pa theka.
Leveni yadutsa ndi mphindi makumi awiri
pamene firiji ya oyandikana nawo yatsokomola kuseri kwa khoma.

Ndayatsa.
Poyamba zii.
Kenako kufiira kuja, kobwera mosafulumira
ngati khala louziridwa ndi munthu wodwala chifuwa.
Sindinaike nyimbo.
Ndangosanjika chikhatho pa mlombwa
kumva kutentha kukutsika kuchokera m'chitsulo,
ndipo pangodya ya kumanzere, pa kamkuwa kaja,
kanthu kati tsete, kamodzi kokha,
n'kukhazikika.