Zilembo pa Mchere

Anandiitana Lachinayi.
Ndinakwera masitepe a Valparaíso ndi nsapato za kudoko,
girisi akadali m'zikhadabo, mtima uli m'mwamba:
Millaray walakwanso chiyani?

Mayi Olguín anandilozera kampando ka ana.
Ndinakhala, mawondo kufika pachibwano,
chipewa ndikuchipotokola m'manja.

Anati mwana wanu si waulesi, bambo.
Mutu wake ndi wakuthwa kuposa lumo,
koma zilembo sizimukhalira pansi.
B ndi d amasinthana malaya ngati mapasa achipongwe,
mzere wachitatu umalowerera wachinayi,
akamafika kumapeto kwa chiganizo
chiyambi chasungunuka kale.
Anatchula dzina la vutolo, disilekisiya,
liwu lalitali, lolemera ngati nangula.

Kenako anatulutsa thireyi ya mchere.
Millaray anaviikamo chala
n'kukoka mzere wotsika, mimba kumanja,
milomo ikuphulika pang'ono: b, b, b.
Anagwedeza thireyi, cholakwa chonse n'kufafanizika,
popanda cholembera chofiira,
popanda wina woseka kumbuyo.

Panalinso kakatoni koboola pakati
koonetsa mzere umodzi basi, ina idikire.
Pa mayeso, mphindi makumi awiri zoonjezera.
Ndime yowerenga pagulu azimupatsa dzulo lake
kuti asadzidzimutsidwe ngati mbava.
Inu kunyumba, anatero mayiwo,
muzimuwerengera tsamba limodzi usiku uliwonse.

Ndinayang'ana pawindo.
Kumunsi sitima zinali pa mzere, makontena ofiira ndi obiriwira,
omwe ndimawadziwa ndi mtundu, ndi zipsera za dzimbiri,
ndi manambala amene ndimawerenga katatu ndisanakweze.
Ndinakumbukira benchi ya kumbuyo kwenikweni,
rula ikutera pa zala m'mawa wa chisanu,
dzina lija anandipatsa anzanga, bulu,
lomwe ndinatuluka nalo pageti ndili ndi zaka khumi ndi zitatu
osabwereranso.
Zaka zonsezi ku banki, ku chipatala,
ndakhala ndikunena kuti ndaiwala magalasi.
Ndilibe magalasi ine.

Sindinawauze mayiwo.
Koma anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu,
nati thireyi ina ilipo, tengani, mchere ngwotchipa.

Tinatsika ndi chikepe chakale cha m'phiri,
thireyi ili m'khwapa, matabwa akulira.
Millaray anawerenga chikwangwani cha pakhomo,
anaphonya, anabwerera, anachipeza,
nayang'ana uku ndi uku ngati watola ndalama.

Usiku, amayi ake atagona,
tinathira mchere patebulo la kukhitchini.
Ndinatsegula buku, tsamba loyamba,
mawu n'kuyamba kuyendayenda monga mwa masiku onse.
Ndinakhosomola. Ndinasisita maso.
Mwana uja sanafunse kanthu.
Anangogwira chala changa chokakala,
chala chokweza matani makumi atatu,
nachiviika mu mchere.
Yambirani pamwamba, adadi, anatero,
tsikani pang'onopang'ono.
Mukalakwa tigwedeza.