Fomu ya Masamba Khumi ndi Anayi

Winnipeg, Febuluwale. Chipale chafika m'mawondo,
basi yachedwanso, ndipo ine ndili mu ofesi yapansi
momwe paipi yotenthetsa chipinda imatsokomola tsiku lonse,
ndikulemba za Julaye.

Fomu ikufunsa cholinga cha ulendo.
Kabokosi koyankhiramo n'kochepa ngati chikhatho cha khanda.
Ndimulowetsamo bwanji Anselmo Quirantes,
mlimi wa kumapiri a Alpujarra, ku Spain,
amene zaka zisanu ndi zitatu zapitazo anandigwira dzanja
n'kuliviika mu ngalande yokumbidwa ndi makolo ake,
amvekere, Imva kuzizira, madzi awa dzana anali chipale?
Ndalemba kuti ophunzira adzamvetsa kagawidwe ka madzi.
Si bodza ayi, koma mchere mulibe.

Tsamba lachisanu ndi la ndalama.
Ndege, pogona, inshuwalansi, basi yokwera phiri,
nkhomaliro kuchulukitsa ndi masiku makumi awiri.
Ndawonkhetsa katatu, mayankho atatu osiyana.
Yuro nayo sigona tulo, ndikadzuka ndimapeza yakwera.

Mayi Thiessen a ku ofesi ya maulendo
amakhazika magalasi pamphumi, cholembera chofiira kukhutu.
Sadana nane. Ntchito yawo ndi kuopa m'malo mwanga.
Chipatala chapafupi chili pa mtunda wotani?
Wina akataya pasipoti Loweruka usiku muimbira yani?
Nanga inuyo mukathyoka mwendo, gulu litsala ndi ndani?
Apa ndinangoti kukamwa yasa.
Ndinakagogoda kwa Radomir, mphunzitsi wa za nthaka,
munthu woopa ndege kuposa maliro ake omwe.
Anavomera nditalumbira kuti sadzakhala pazenera.

Komiti inakhala Lachinayi. Inde, anatero,
bola ophunzira asachepere khumi.
Walira mvula walira matope.

Ndinamata zithunzi m'makonde monse,
ndinagula pitsa, ndinalowa m'makalasi a anzanga
kukatsatsa phiri ngati malonda a pamsika.
Anabwera makumi atatu, anadya, anapukuta pakamwa,
wina anafunsa ngati kuli kosambira.
Olembetsa, asanu ndi anayi.

Wachikhumi ndikumudziwa.
Wren Desjarlais, wokhala mpando wakumbuyo,
jekete lake limanunkha petulo wa komwe amagwira usiku.
Ndiye yekha anakweza dzanja n'kufunsa kuti
chilala chikafika, amayamba kutsekeredwa madzi ndani.
Kwawo, anandiuza tsiku lina pamasitepe,
madzi akumwa amawiritsa chiyambire ali wakhanda.
Ndege sanakwerepo.
Ataona mtengo anapinda pepala kanayi,
n'kulilowetsa m'thumba, osatsegula pakamwa.

Ndiye usiku uno za ngalande ndaziika pambali.
Ndikulemba makalata opempha,
kwa mkulu wa sukulu yathu, ku bungwe la ophunzira akale,
ngakhale ku kampani ya mapampu yomwe ndinainyoza m'kalasi chaka chatha.
Ndafufuta tsiku lokaona mzinda wa Granada.
Ndafufuta chipinda changa chandekha,
ndidzagona bedi lam'mwamba, pansi Radomir akuliza mkonono.
Akusowabe madola mazana asanu ndi limodzi.

Anselmo sadziwa za imelo.
Amalemba ndi mdzukulu wake Remedios, mizere itatu basi:
Agogo akuti mubwere ndi nsapato zolimba.
Makasu alipo okwanira anthu khumi ndi awiri.
Akuti chipale chagwa chochepa chaka chino, musachedwe.

Ndawerenga kawiri, ndathimitsa nyale.
Panja chigalimoto chokankha chipale chikudutsa,
chikuunjika m'mbali mwa msewu madzi a mu Epulo
omwe pano palibe adzawagawe, adzangothawira mumtsinje.
Fomu ili m'chikwama, yanyowa pakona.
Patsamba lomaliza pali mizere khumi,
wapansi ndaulemba dzina ndi pensulo.