Laimu wa Khonsolo

Anandipatsa ndowa ziwiri za laimu ndi bulashi yothothoka,
nati, Nahuwo, khoma la pa depoti ya Chitakale
liyere alendo asanadutse Lachisanu,
ana osaleredwa alinyazitsanso.

Ndinafika chiperoni chisanachoke,
phiri litabisala ngati wangongole.
Ndinayambira kumanzere, kosavuta:
dzina la timu ya mpira, mtima wolasidwa ndi muvi,
mawu awiri amene sindingabwereze pamaso pa apongozi,
ndi chenjezo lakale lija, OSAKODZA PANO,
limene amuna amaliwerenga akukodza.
Zonsezo ndinafuta ndikuimba mluzu.

Nambala ya sing'anga wobweza mkazi wothawa
anati ndiisiye, mwini wake analipira.
Utoto wa kampani ya foni wadya theka la khoma,
nawonso uli ndi lisiti.
Nkhope za pa chisankho chapita zikusendeka zokha,
zikumwetulirabe ndi diso limodzi.
Palibe anazitchulapo nyansi.

Kenako ndinafika pakati.

Mayi wothyola tiyi, wamtali kuposa minibasi,
dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno.
Wojambulayo anawerenga ming'alu yonse ya m'zala zake.
Penti yobiriwira inamuthera paphewa,
anamalizira ndi makala ndi oyilo wakuda wa pa galaja.
M'dengumo sanaikemo masamba,
anaikamo ana atatu ndi kabuku ka ngongole.
Pansi, zilembo zopendama:
ESINATI. ANAGWA DENGU LISANAKWERE SIKELO.

Mtsikana wa nanazi anandinong'oneza:
ndi Waisoni uja wonyamula katundu, ndi mayi ake amenewo.
Masiku atatu, usiku, tochi ya foni kukamwa.

A Makwinja anatuluka m'golosale, khomali ndi msana wake.
Njerwa izi ndinaumba ndekha, anatero,
simenti ndinagula ndi mbuzi zanga.
Wandipempha ndani?
Maliro a mwini andikhomera kumsana,
makasitomala akuyang'ana misozi m'malo mwa sopo.
Sindinawatsutse.
Ine wina atalemba pa nyumba yanga ku Nkando,
ngakhale atajambula mngelo,
ndingamuthamangitse ndi mpini.

Koma mayi anga anathyola tiyi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Chithunzi chawo n'chimodzi, cha pa chiphaso,
chinyezi chinadya kale mphuno ndi pakamwa.
Dzina lawo silili pa chipata cha esiteti,
silili pa paketi, silili paliponse
kupatula pa mtanda umene chiswe chikumaliza.

Ndinaima, laimu akudontha m'chigongono.
Kondakitala anakuwa, luso limenelo mdala, lisiyeni!
Mphunzitsi wina anati luso limagogoda kaye pakhomo.
Wakabaza anaseka: khoma lopanda mawu ndi la manda.
Onsewo anakwera n'kupita.
Bulashi inatsala ndi ine.

Ganyu ndi ganyu, ana anga sadya chifundo.
Ndinapenta.
Kungoti pa mpope paja dzanja linandilemera,
ndowa yachiwiri inamwa madzi ochuluka,
laimu anasanduka mkaka wa pa maliro.

Lachisanu alendo anadutsa, magalasi otseka.
Khoma linali mbee.

Koma kuno ndi ku Mulanje.
Mvula sichedwa kufunsa za munthu.
Lamulungu m'mawa, popita ku tchalitchi,
ndinaona zala zisanu zikutuluka m'kuyera kuja,
kenako mkombero wa dengu.

A Makwinja anali pomwepo, manja kumbuyo.
Anandiyang'ana, ndinawayang'ana.
Anati, laimu wa masiku ano, Nahuwo.
Ndinati, eetu, wa masiku ano.