Zala Zinayi pa Phewa

Laputopu ndinaigula kwa mnyamata wa ku Chanco
amene ankasaka ndalama ya lendi ku Chikanda.
Batani limodzi linali litazuka ngati dzino,
batire lake silisunga moto,
koma mkatimo anandisiyira pulogalamu yokonzera zithunzi
ndi langizo limodzi lokha: "Muzingodina."

Ndinadinadi.
Phiri la Zomba, lomwe ndinalijambula nkhungu isanachoke,
linasanduka lofiirira ngati chiwindi.
Mwana wa mchemwali wanga ndinamuwalitsa mano
mpaka anaoneka ngati wameza tochi.
Likangala ndinamupendeketsa,
madzi n'kumakwera chitunda,
ine osadziwa pobwerera.

Che Amidu, mwini situdiyo ya pa Mpondabwino,
anaseka mpaka kutsokomola.
"Iwe Tinyade, mchere sathira ndi fosholo.
Kankha pang'ono. Pang'ono ndati!"
Anandigwira dzanja pa mausi
ngati mwana amene akuphunzira kugwira choko,
nandionetsa mabatani awiri obweza cholakwa.
Phiri linabiriwiranso.
Ndinakhala duu, kuwerenga mumtima
zina zomwe ndikanabweza
mabataniwo akanamagwira ntchito kunja kwa galasi.

Ntchito yanga yoyamba inabwera Lachinayi
itakulungidwa m'pepala la shuga.
Mayi Nasibeko, a tomato a mumsika waukulu aja,
ataima pa udzu ku Mulunguzi,
atavala chilundu cha mbalame zouluka,
pambali pawo bambo wa jekete lomukulira.
"Awa muwachotse.
Chino n'chaka chachisanu ndi chiwiri ali ku Joni,
ndipo kumeneko ali ndi wina."

Ndinayamba ndi mutu. Unachoka mosavuta.
Jekete, tayi, nsapato zosongoka.
Ndinadzala udzu pamene anaponda,
ndinabwereka masamba ku mtengo wa kumanzere
kutseka dzenje lomwe munthu amasiya mumpweya.
Koma pa phewa la mayi panatsala zala zinayi,
chimodzi cha chikhadabo chakuda bii.

Usiku ndinakulitsa chithunzicho
mpaka nsalu inasanduka timabokosi,
kutapa utoto apa, kupaka apo,
koma phiko la mbalame ya pa phewapo
linkathyoka ndikangolikhudza.
Cha m'ma thuu koloko,
chala chomaliza chitangofufutika,
magetsi thii.
Zimene ndinasunga zinali za madzulo.
Agalu a ku Matawale anauwa
ngati auzidwa.

M'mawa anafika ndi dengu pamutu,
ine maso ali psuu.
"Pepani mayi, zatsala zala.
Mundipatse tsiku lina."
Anatula dengu, nayandikira galasi,
nayang'ana nthawi yaitali,
moti ntchentche inatera pa mausi,
kupukuta miyendo, n'kuchoka yokha.

"Zisiyeni," anatero.
"Dzanja ili ndi lomwe linakhoma malata
a nyumba imene ndikugonamo.
Chala chakudacho anadzimenya ndi hamala,
chinatupa masabata awiri,
ndinkachithowa ndine.
Inalakwa ndi miyendo.
Miyendoyo mwachotsa?"

"Ndachotsa."

"Basi. Munditsukire chachikulu,
choti chikwane pamwamba pa kabati."

Anandilipira theka ndi ndalama,
theka ndi mulu wa tomato,
awiri ophwanyika akuti ndi basera.

Masana, chithunzi chikutuluka m'makina
pang'onopang'ono ngati lilime,
mayi ali okha pa udzu wodzala ine,
zala zinayi zitawagwirabe pa phewa,
Che Amidu anatsitsa magalasi awo pamphuno,
napukusa mutu.
"Ntchito yosamaliza iyi.
Anthu aziti amaphunzitsa chiyani pano?"

Sindinawayankhe.
Ndinadina posungira,
kenako ndinadinanso.