Mzere Umodzi pa Fomu

Ku boma ku Chadiza andipatsa fomu.
"Mwini wake woyamba wa nyumba." Mzere umodzi,
waufupi ngati chala.

Ndinayambira pa njerwa.
Kuseri, m'munsi mwa zenera, pali chikhatho
chimene chinadinda dothi lisanaume,
chala chapakati n'choduka.
Amati n'cha Jabesi Daka, amene anasiya chalacho ku mgodi
nabwerako ndi malata khumi ndi anayi.
Koma Jabesi anali mkamwini.
Malo anali a Velenasi, a mayi ake a Velenasi,
ndipo tsiku lometa maliro a mkaziyo
abale anamupatsa Jabesi mwezi umodzi.
Sanakangane nawo. Anazula chitseko
nachisenza pamutu mpaka kwawo ku Vubwi.

Zaka ziwiri nyumba inakhala kukamwa yasa.

Kenako mphunzitsi, a Njobvu,
lendi yawo sopo ndi mchere.
Ngongole zawo zikadali pakhoma, zolembedwa ndi msomali.

Othawa nkhondo ku Mozambiki analowa usiku,
anthu asanu ndi anayi, mphasa ziwiri.
Mwana anabadwira pangodya iyo,
mchombo wake anaukwirira patsinde pa mpoza.
Ameneyo ndimulembe pati?

Ogula thonje anasiya mbedza ya sikelo kudenga.
Mleme umagona pamenepo.

Amalume anga a Sofasi anaigulitsa kawiri
chaka chimodzi cha njala:
kwa wina ng'ombe yaikazi, kwa wina njinga yopanda tcheni.
Ogula onse awiri ali kumanda, moyandikana.
Makalata awo ali ndi ine m'chitini,
chiswe chinadya pamene anasaina,
chinangosiya mawu oti "ine, mwini wake".

Lachinayi ndinakwera njinga yamoto kupita ku Vubwi.
Chitseko ndachipeza.
Chikutseka khola la mbuzi,
loko wake akadali pomwepo, wadzimbiri, wokhoma.
Mdzukulu wa Jabesi anandiyang'ana nthawi yaitali
nati, "Ndinu a kunyumba kwa agogo?"
Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukonze,
kuti nyumbayo ndi yathu, yakuchikazi,
koma dzanja lake linali pa thabwalo
ndipo ndinaziona zala, zazikulu, zotambalala,
zomwe zija za pa njerwa.

Tsopano kalaliki akugogoda tebulo ndi bolopeni.
Kumbuyo kwanga mzere wafika panja.
Akuti, "Mayi, dzina limodzi chabe."
Ndikumufunsa ngati ali ndi pepala lina.