Chipinda Chopanda Kutsogolo

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinkadziwa poima:
pakati pa bolodi ndi tebulo la mwendo wochirikizidwa ndi njerwa.
Jekete langa linkafika ku Chilomoni litamera imvi za choko,
mayi akunyumba n'kumalikuntha pakhonde ngati thumba la simenti.

Tchuthi chitatha ndinapeza chipinda chathu cha ku Chichiri
atachizula mano.
Mabenchi okhomerera aja kulibe,
mipando yonse ili ndi mateyala,
sikirini pakhoma lililonse, zinayi.
Ndinazungulira, chikwama m'manja, kufuna kutsogolo.
Sindinakupeze.

Ophunzira anagudubuka okha, asanu uku, atatu uko,
phokoso ngati la oitanira pa Wenela.
Lolemba ndinaphunzitsa misana.
Lachitatu kompyuta inandifunsa mawu achinsinsi
anthu makumi asanu ndi limodzi akuyang'ana,
ndipo thukuta linandiyankhira.

Tiyanjane Namathanga anakhala zaka ziwiri
pa benchi lomaliza, pafupi ndi zenera losweka.
Ndinkadziwa mmene amapindira mchira wa naini,
liwu lake ayi.
Lero alibe pobisala, pakuti kumbuyo nakonso kunatha.
Anadina foni yake yong'aluka galasi
ndipo mlatho wa pa Mudi, umene amawoloka m'mawa uliwonse
pochokera ku Ndirande,
unatulukira pa makoma onse anayi.

"Aphunzitsi, mng'alu uwu
sukugwirizana ndi samu yanu ya dzana ija."

Ndinayang'ana nthawi yaitali.
Madzi ndinawawerengera, zinyalala zotsekera pansi ayi.
Ndinakoka mpando, unandithawa pang'ono,
ndinaugwira n'kukhala pambali pake.
Kukhala pansi, ine, m'kalasi!
Maondo anga anadabwa.

Kenaka magetsi anazima, monga mwa nthawi zonse.
Makoma anachita khungu,
jenereta inatsokomola kawiri n'kugona.
Ndinaganiza kuti tsopano abwerera m'mizere
kudikira pakamwa panga.
Palibe anasuntha.
Mussa ankajambula mlatho uja ndi chala pa fumbi la tebulo,
Tiyanjane akumutsutsa, mokweza ndithu,
ena atawunjikana, tochi za mafoni zili ngwee.

M'thumba la jekete ndimasungabe kachidutswa ka choko.
Ndinakatulutsa, ndinayang'ana khoma lililonse,
palibe pokalembera.
Ndinakapereka kwa Tiyanjane.
Anagwada pa simenti, sikete atapanira m'maondo,
n'kuyamba samu yanga kuchokera pamene ndinalakwitsa.