Dzina Limodzi pa Ndandanda

Pa ndandanda yomata pachitseko pali mayina atatu.
La Delfina alikhwatcha ndi inki yofiira, ali kumaliro ku Domwe.
La Anselmo alijambulira muvi woloza kuchipinda cha amayi oyembekezera.
Latsala langa,
kuyang'anizana ndi mabedi makumi awiri ndi asanu ndi limodzi,
osawerengera mphasa zinayi za m'khonde.

Mvula ya Januwale yakokolola zimbudzi n'kuzithira m'zitsime.
Ulongwe yense watsegula m'mimba.

Bedi lachitatu ndi Zakeyu, wa zaka zinayi,
maso alowa m'kati ngati maenje a bawo.
Ndatsina khungu la pamimba, laima chilili, lakana kubwerera.
Mtsempha wathawa. Ndaupeza ulendo wachitatu, pamwamba pa phazi.
Kwa iyeyu ndatsegula kagudumu ka soro mpaka kumapeto:
madzi thamangani.

Kumapeto, pafupi ndi zenera losweka,
agona a Chimphamba, ogulitsa mbatatesi pamsika.
Mtima wawo unatopa kale,
mapazi amatupa ngakhale m'chilimwe.
Kwa iwowa ndawerenga ndi wotchi m'manja:
dontho,
kupuma,
dontho.

Madziwo ndi amodzi, mcherewo ndi umodzi,
koma omwe akudzutsa mwanayu
akhoza kumiza bamboyu ali gone pabedi louma.

Kenaka wina wakuwa m'khonde.
Mayi wasanza thanzi lonse lomwe ndinam'mwetsa,
ndayambiranso ndi sipuni.
Chidebe chadzaza. Magolovesi atha.
Wina akufuna bulangete, wina akufuna wansembe.
Ndinati ndibwerera pakatha mphindi khumi,
zatha makumi anayi.

A Nangondo, akazi awo a Chimphamba, anali maso nthawi yonseyi.
Anaona botolo la mwana likuthamanga,
la amuna awo likutsimphina,
nati mumtima, namwino uyu n'ngokondera.
Ndi chala chomwe amasendera mbatatesi
anakankha kagudumu kaja, mwachikondi.

Ndamva chifuwa ndisanaone munthu,
kubwata ngati ketulo yoiwalidwa pa mbaula.
Ndatseka soro. Ndawakhazika tsonga, mapilo atatu kumsana.
Foni ya adokotala yalira kasanu ndi kawiri isanayankhidwe.
Jakisoni wokodzetsa. Mpweya wa m'silinda yotsala theka.
Dzanja langa pa dzanja lawo,
khutu langa kutsidya kwa chipinda
kumene botolo la Zakeyu lauma
ndipo magazi ayamba kukwera m'kapaipi.

Pakati pa mabedi awiriwo pali mapazi khumi ndi anayi.
Ndawawerenga usiku uno kuposa mapemphero.

A Nangondo agwada pa simenti, akupepesa.
Dzukani mayi, simunalakwe.
Amene anayenera kuima pomwe munaimapo
ali pa ndandanda, wokhwatchidwa.

Cha m'ma folo koloko a Chimphamba apempha chikodzero.
Sindinasangalalepo ndi mkodzo chonchi.
Tambala wa kuseri kwa mochale atalira kachiwiri
Zakeyu walira, misozi yeniyeni, yonyowa,
nafunsa komwe kuli nsapato yake.

M'mawa afika a Zulmira, akulu a manamwino,
ambulera ikudontha, buku m'khwapa.
Usiku wayenda bwanji?
Bukulo lili ndi mzere wa ogonekedwa,
mzere wa otuluka, mzere wa omwalira.
Pa omwalira ndalemba ziro.
Lilibe mzere wa amene anatsala pang'ono,
lilibe mzere wa mphindi makumi anayi.

Ndiye ndalemba m'mphepete, mopingasa, zilembo zikukwera phiri:
odwala makumi atatu, namwino mmodzi,
mabotolo khumi ndi atatu oyenda nthawi imodzi.
Ndasaina dzina lonse, Ermelinda Kachigamba,
kuti asadzati sakudziwa wolemba.

A Zulmira awerenga, apukuta magalasi, awerenganso.
Sananene kanthu.
Achotsa ndandanda ya usiku uno pachitseko
napita nayo ku ofesi, pensulo kukamwa.

Ine ndatuluka pageti,
fungo la klorini likunditsata mpaka pokwerera njinga.
Mvula yatsala ya m'madenga.
Pansi pa malata a golosale ndadzipeza nditaima,
maso pa wotchi,
ndikuwerenga madontho.